NyaLuhanga, Amene Anandidyera Phala

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi chiwaikireni NyaLuhanga kwawo ku Rumphi, koma miyendo yanga uthenga wa malirowo sinaumvebe. Ikangokwana faifi koloko m'mawa imandidzutsa yokha. Ndimavala juzi, ndimamanga chitenje pamwamba pa mimba, ndimatuluka, kenako ndimangoima m'chifunga cha ku Zolozolo kuno osadziwa kolowera. Ndikabwerera m'nyumba, pampando sindikhalitsa. Ndimapukuta mbale zopukuta kale. Bambo a Chisomo afika ponena kuti ndikuwachititsa chizungulire.

Ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu ndi theka. Kumanda sindinapite, amayi a kumpingo anandikaniza kukwera lole ndi mimba yotere, ndipo mwina n'chifukwa chake mtima ukukana kukhazikika. Koma ndisaname, pali chinanso. Lachisanu likubwerali apongozi anga akufika kuchokera ku Dowa kudzandidikirira, ndipo munthu yekhayo amene anawaposa nzeru pa mimba yanga yoyamba ndi amene wagonayu. Ndili ndi mantha.

NyaLuhanga tinawapeza pa ploti pano chaka chimene boma linasamutsira amuna anga ku Mzuzu. Ankakhala m'kachipinda kamodzi kumapeto kwa mdadada, ka mwana wa mlongo wawo, mwini ploti. Anali mayi wamfupi, wouma thupi, woyenda mothamanga ngati wasiya mphika pamoto. Masana ankagulitsa nthochi m'mphepete mwa msewu, koma ngakhale pamenepo simukanawapeza atakhala. Tiyi ankamwa chiimirire. Kutchalitchi ankatuluka nyimbo yomaliza isanathe. Anthu ankati kale anali mzamba kumudzi kwawo, ndipo anasiya boma litaletsa azamba kubereketsa amayi m'makomo. Umu ndi mmene tonse tinkadziwira.

Tsiku lomwe tinkatsitsa katundu anabwera n'kuima patsogolo panga, manja kumbuyo, n'kundilonjera m'Chitumbuka cha kwawo.

"Monire, mama. Chiwongo chinu?"

"Ndine Naphiri."

"Kuno ndimwe NyaPhiri. Ku sikelo mwayamba?"

Ndinachita manyazi osakanikirana ndi ukali. Mimba inali ya miyezi inayi, yosaoneka n'komwe, ndipo ngakhale mayi anga ondibereka anali asanauzidwe. Kwathu nkhani ya pakati pa munthu sailankhula pabwalo, pamaso pa anyamata onyamula mipando. Madzulo ndinauza amuna anga kuti tasamukira pa ploti ya mfiti. M'mawa mwake mfitiyo inagogoda pazenera langa ndi kamtengo.

"Wukani, NyaPhiri! Mwana m'nthumbo, m'mimbamo, wawuka kale, imwe mukugonerachi?"

Kuyambira tsiku limenelo ndinalowa m'gulu limene anyamata a kabaza analipatsa dzina loti perete wa NyaLuhanga. Tinkakhalapo atatu, nthawi zina asanu, tonse apakati, tili m'majuzi ndi m'zipewa, tikutsetsereka kulowera kudambo la cha ku Ching'ambo n'kubwereranso chokwera mtunda. Iwo patsogolo, osacheuka. Mvula yowaza ya kuno sankaiwerengera ngati mvula. Ukadandaula msana, ankati msana umenewo ndi umene udzagwire ntchito tsikulo, ndiye uyambiretu kuizolowera. Ukati wapuma movutikira, ankati n'zabwino, tsopano phunzira kupuma: kokera mpweya m'mphuno, utulutse pang'onopang'ono pakamwa monga ukuuzira tiyi wotentha. Ankatiuziritsa tiyi wosaonekayo pakati pa msewu, a kabaza akufa nazo kuseka. Tikafika pakhomo, pamene iwe ukuganiza za mpando, ankatenga nyemba zodzaza dzanja n'kuzimwaza pasimenti, ati utole imodziimodzi chonyonyomala, osawerama, kuti chiuno chimasuke. Ndinatola nyemba zambiri m'miyezi isanu imeneyo kuposa moyo wanga wonse, ndipo zambiri ndinkazitola ndikuwatukwana chamumtima.

Anali ndi zawo zosamveka. Zoti wapakati akadya mazira mwana adzabadwa wopanda tsitsi ankaziseka mpaka kutsokomola, ndipo anakangana nazo ndi amayi a kumpingo mwezi wathunthu. Koma akupeze utaima pakhomo, mwendo wina kunja wina m'kati, ankakukoka chitenje, ati mwana naye adzaima pakhomo. Nditawafunsa kuti nanga izi zikusiyana pati ndi za mazira zija, anandiyankha kuti anthu a ku Dowa timalankhula chomene.

Chikwama cha kuchipatala ndiye chinali nkhondo. Mwezi wachisanu ndi chiwiri ukangokwana ankafuna zonse zikhale pamodzi kuseri kwa chitseko: beseni, zitenje zochapa bwino, pepala lakuda la pulasitiki loyala pabedi, ulusi, lezala latsopano losatsegula, kachipewa ka mwana. Ndipo ankabwera kudzafufuza mosalonjeza, ngati apolisi. Tsiku lina anapeza lezala mulibe. Sanandifunse kanthu ine. Anatuluka liwiro n'kukawapeza amuna anga pa siteji ya minibasi, atavala tayi, ali pakati pa anzawo a ku ofesi. Anawayang'ana kuchibwano bwinobwino.

"Adada, ndevu zameteka makora, zasalala chomene. Sono mchombo wa mwana tikadule ndi mano?"

Amuna anga anabwera madzulo ndi malezala awiri, ndipo kwa sabata yathunthu ankazungulira kuseri kwa bafa kuti asakumane nawo.

Chinthu chimodzi chokha sankachita. Mimba ya munthu sankaigwira. Amayi ankabwera kuchokera kutali atamva kuti pano pali mzamba wakale, kudzapempha kuti angowapapasa aone mmene mwana wagonera. Iwo manja kumbuyo, ati manja awo anapuma, za kugona kwa mwana akakuuzani anamwino. Ankafuna kuona kabuku ka sikelo. Kuwerenga sankatha kwenikweni, koma ankadziwa kuti pa ulendo uliwonse namwino amalembapo mzere watsopano, ndipo mzere ukasowa unkaona zakuda. Tsiku la matenda, ndiye kuti zowawa za kubereka zikayamba, ankakuperekeza atasenza beseni, n'kukhala panja pa wodi akuyendayenda mpaka amve kulira kwa khanda. Anamwino ena ankawakonda, ena ankati gogo uyu amasokosa. Onse ankawadziwa.

Ine ndinayambana nawo kwenikweni kamodzi. Tinali pakati pa mtunda, ndipo ndinabwereza mawu amene ndinkawamva kwa apongozi anga, akuti mkazi weniweni sang'ambidwa, amabereka yekha. Ndinawonjezera anga, kuti ine bola kufa kusiyana ndi kupita ku mpeni. Anaima. Perete yense anaima nawo, chifukwa tinali tisanawaonepo ataima panjira. Anandiuza kuti tikuyenda kuti thupi likonzeke, osati kuti tikadzitame pachitsime. Anati madokotala akadzati mpeni, ndidzapita ku mpeni, ndipo iwo ndi amene adzakankhe bedi. Kenako ananditcha chitsiru m'Chitumbuka, m'mawu amene sindinafune kufunsa tanthauzo lake. Masiku awiri sanandilankhule. Pazenera ankagogodabe, ndi kamtengo kokha.

Tsopano ndinene za phala, chifukwa ndi limene likundisowetsa mtendere.

Tsiku limene anandilembera ku sikelo kuti ndidzachira linafika n'kudutsa. Panapita sabata, kenako masiku ena awiri. Namwino anandipima n'kunena kuti mwana ali bwino, ndibwerenso Lolemba, ndipo ngati kudzakhale kuli zii adzandigoneka aone chochita. Apongozi anali atabwera kale kudzandidikirira. Musawaganizire zoipa: ndi mayi wabwino, wopemphera, amene anandichapira zovala mwezi wonse osadandaula. Koma anabereka ana asanu ndi atatu pamphasa, ndipo mawu oti adzaona chochita iwo anawamva kuti mpeni. Ankangoti m'banja mwawo mulibe wong'ambidwa. Lachisanu ndikusesa ndinaona kajumbo kakuda pansi pa zovala zawo, muli timizu touma. Ndinadziwa kuti ndi mwanamphepo, mankhwala amene kwathu amathira m'phala kuti matenda ayambe msanga. Ku sikelo ankatichenjeza za iwo mwezi ndi mwezi. Ndinabwezera kajumboko pamalo pake osauza munthu. Apa ndiye pali manyazi anga: theka la mtima wanga linkafuna.

Loweruka m'mawa apongozi anati kunja kwazizira kwambiri, ndisapite koyenda. Anaphika phala la nsinjiro, n'kulibweretsa m'mbale yovundikira, ndi manja awiri, n'kukhala pambali panga. Iwo sanadzipakulire. Mwana wawo sanamupakulire. Ndinavundukula, ndipo pansi pa fungo la mtedza panali kafungo kena ka dothi lonyowa. Ngakhale ndikanafuna kukana, ndikanayambira pati? Mbale yochoka m'manja mwa apongozi siibwezedwa. Kuibweza n'chimodzimodzi kunena kuti mwandithirira, ndipo mawu amenewo akatuluka, banja latha. Ndinatenga supuni.

"Odi!" Odiyo ankamunena ali kale m'kati.

NyaLuhanga anayang'ana ine, anayang'ana mbale, n'kukoka mpweya m'mphuno kamodzi. Ndinayembekezera mkuntho. Mayi amene anachititsa manyazi mwamuna wa tayi pa siteji sakanalephera kukalipira mlendo wa ku Dowa. Koma anachita chimene sindinawaonepo akuchita. Anakhala pansi, anatambasula miyendo, n'kuomba m'manja mwaulemu.

"Yewo, amama, yewo chomene. Mwadziwa uli kuti njala yandipweteka? Ndagona ndi madzi pera, madzi okha basi."

Asanamalize kulankhula, mbale inali itachoka kale m'manja mwanga.

"Ayi, ayi, mayi," anatero apongozi akudzuka. "Ilo n'la wodwalayu. Inu ndikuphikirani lanu."

"Lasiyana chiyani, amama? Phala ndi phala."

Apongozi anakhalanso pansi. Mlendo wapeza chakudya, wanena yekha kuti ali ndi njala, ndipo ndi munthu wamkulu. Kumulanda mbale kunafunika chifukwa, ndipo chifukwacho sakanachitchula mwana wawo ali m'chipinda chinacho. NyaLuhanga anadya pang'onopang'ono, maso ali pa apongozi, akuyamikira supuni iliyonse. Anati nsinjiro za ku Dowa n'zonona. Anati dzanja lotere kuno kulibe. Atamaliza anapita okha kukhitchini, n'kubwera ndi poto, n'kupala zotsalira zonse mpaka pansi pa poto kuwala. Kenako anapukuta pakamwa.

"Wukani, NyaPhiri. Tiyende."

Sitinafike n'kudambo komwe. Pa nthochi za anthu ena anandiuza kuti ndidikire, n'kulowa m'katimo chothamanga. Tsiku lonselo anangokhalira njira ya kuchimbudzi, m'mimba mukupotokola, thukuta lili kamukamu m'nyengo yozizira. Lamulungu ndinawapeza ali gone pamphasa, nkhope itatuwa, milomo itauma. Ndinawapangira madzi a mchere ndi shuga. Ndipo m'malo mothokoza, ine wopusa ndinawakalipira. Ndinati mwina bwenzi pano nditachira, mwana ali m'manja, osadikira za Lolemba. Anati mankhwala amenewo safunsa ngati njira yatseguka. Amangokankha, monga munthu wokwapula ng'ombe khomo la khola lili chitsekere, ndipo chimene chimathyoka si ng'ombe yokha. Ndinafunsa kuti akudziwa bwanji. Anatembenukira kukhoma n'kundiuza kuti ndikaonenso chikwama.

Matenda anayamba okha Lolemba m'mawa, ndikutola nyemba. NyaLuhanga anadzuka pamphasa paja asanachire bwinobwino, anakana njinga yamoto imene amuna anga anaitana, anatumiza uthenga kwa bambo wina wa galimoto amene anapangana naye kalekale, n'kusenza beseni. Kuchipatala namwino anandifunsa funso limene amafunsa aliyense: "Simunamwe za kumudzi?" Ndinati ayi, ndipo zinali zoona, chifukwa za kumudzizo zinali zitapweteka mimba ya munthu wina. Zowawa zinayenda pang'onopang'ono tsiku lonse. Ndinauzira tiyi wosaoneka uja mpaka milomo kuuma. Chisomo anabadwa dzuwa litapendeka, mchombo utamuzinga m'khosi kawiri. Namwino anaumasula n'kunena kuti mwana uyu wachita mwayi pobwera mosathamangitsidwa. Sanadziwe kuti mwayiwo ukuyendayenda panja pa wodi, utagwira pamimba.

Nkhani ya phala sinatchulidwenso ndi aliyense. Amuna anga mpaka lero sakuidziwa. Apongozi ndi NyaLuhanga akakumana ankapatsana moni wautali, waulemu wopitirira muyezo, wina akuti amama, wina akuti mayi, maso osakumana. Apongozi sanasinthe maganizo. Amakhulupirira kuti ndinavutika tsiku lonse chifukwa wina anadya zimene sizinali zake.

Mimba inoyi NyaLuhanga anaiona ndisanaidziwe ndekha. Anagogoda pazenera ngati kale, koma perete wa chaka chino anali wina. Ankayamba ali patsogolo, pofika pakati ali pambuyo. Kenako anayamba kutsalira pa kamlatho, ati atiwerenge tikamabwerera. Kenako mapazi anatupa, mpweya unayamba kuchepa, ndipo kamtengo kogogodera kanasanduka ndodo. Kuchipatala anakana kupita kwa milungu itatu, mayi yemweyo amene ankatikokera ife ku sikelo ngati mbuzi. Atagonekedwa ndinapita kukawaona Lolemba masana. Sanalole kuti ndiwafunse za thupi lawo. Anafunsa ngati lezala lilimo, ngati wa galimoto ndalankhula naye, ngati mwana akugunda. Kenako anafunsa tsiku limene apongozi akubwera. Nditawauza, anawerenga pa zala, n'kunena kuti adzakhala atatuluka. Lachiwiri m'mawa anatisiya.

Apongozi anaimba foni kupepesa maliro. Analankhula bwino, anapemphera nane. Pomaliza anati, "Ulendo uno musadandaule, mayi a Chisomo. Sitichedwa ngati paja."

Dzana kunabwera mng'ono wawo wa NyaLuhanga kuchokera ku Rumphi kudzatenga katundu. Ndinamuthandiza kupinda zitenje, ndipo pocheza ndinati boma linalakwa kuletsa mzamba wanzeru chotere. Mayiyo anasiya kupinda.

"Boma? Yayi, mama. Boma lisanalankhule, iwo anali atasiya kale."

Anandiuza za Towera, mwana wawo mmodzi yekhayo wa NyaLuhanga, amene ine m'zaka zonsezi sindinamvepo dzina lake. Inali mimba yoyamba. Masiku anapitirira, akuchimuna anayamba kung'ung'udza kuti mwana wa mzamba akulephera bwanji. Mayi ake anapita okha kuthengo, anakumba okha, anaphika okha phala, n'kumudyetsa ndi dzanja lawo, monga anachitira ndi amayi ena ambiri osaona vuto. Zowawa zinabwera zonse pakamodzi, njira isanatseguke, ndipo chiberekero chinang'ambika. Ngolo inafika kuchipatala itanyamula mitembo iwiri, wina ali m'mimba mwa mnzake. Atachoka kumanda, NyaLuhanga sanagwirenso mimba ya munthu. Chaka chisanathe anasamukira ku Mzuzu, chifukwa njira ya kumunda kwawo inkadutsa pamandapo.

Ndinakhala pansi pomwepo, pa mtolo wa zovala. Ndinakumbukira mmene ndinawakalipirira ali gone pamphasa, ndipo ndinalira kulira kumene ndinalephera pa tsiku la maliro.

Pochoka, mng'ono wawoyo anandisiyira kiyi kuti ndikapereke kwa mwini ploti. Ndinayenera kupereka tsiku lomwelo. Dzulo masana ndinakatsegula.

Kachipindako n'kakang'ono kuposa mmene kankaonekera iwo ali m'kati. Bedi anatenga, mbaula anatenga, katani ya pazenera anachotsa. Patsala misomali itatu pakhoma ndi fungo la nthochi zakupsa. Simenti anaisamala zaka zonsezi ndi polishi wofiira, ndipo ikuwala paliponse kupatula malo amodzi. Pansi pa zenera polishi anatha, simenti inaperepeseka mpaka kuyera, malo okwana mapazi awiri aang'ono. Ndinaponda pomwepo n'kuyang'ana kunja. Msewu suoneka. Mpopi wa madzi suoneka, ngakhale geti. Chimene chimaoneka, mwachindunji, ndi khomo la khitchini yanga ndi pamene timaika mbaula.

Ndinaima pamenepo mpaka msana unayamba kuwawa. Zeneralo likuyang'anabe kukhitchini kwanga, lopanda katani, lopanda munthu. Lachisanu ine ndidzakhala mbali inayo, mbale ili m'manja.